Ulendo wathu wa pa Isitala wayamba kutigawa, tiusiye kapena?

Wakudedza98
Anzanga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Tili ndi kagulu ka amuna amene tinaphunzira limodzi kusekondale ina yogonera komweko ku Dedza, Fomu 4 tinalemba mu 1998. Chiyambireni ntchito takhala ndi mwambo wathu: pa Isitala timapita kunyanja, pa 6 Julayi timaotcha nyama kwa mmodzi wa ife, ndipo mu Disembala timakumana ndi mabanja omwe, poti anzathu a ku Joni amakhala afika. Kale za kunyanjazi zinali zosavuta. Minibasi ya ku Salima, kutsikira ku Senga Bay, kugona anayi chipinda chimodzi, kugula utaka kwa asodzi n'kukapempha mayi wina atiphikire nsima. Lero ena mwa ife Mulungu anawadalitsa, ndi mabwana enieni. Chaka chino abwera ndi ganizo loti tikagone masiku atatu paloji ku Cape Maclear, aliyense asonkhe K450,000. Pa WhatsApp pathu pangoti zii. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, wina ndi kalipentala, winanso ntchito inamuthera chaka chatha. Palibe wanena kuti sakwanitsa, aliyense akungoti "tiona". Tsono mmodzi wa mabwanawo wandiimbira kumbali kuti andilipirira, ndisauze munthu. Ndilandire? Kapena ndinene poyera kuti ulendowu ungotha, titsale ndi za Julayi ndi Disembala?

Chiwaya_Special
Landirani achimwene, mukadye chambo. Manyazi sakhutitsa.

Nambewe_wa_25
@Chiwaya_Special mukutero chifukwa sanakulipirirenipo. Munthu akakulipirira, ulendo wonse umangoti eya. Tidye apa, eya. Tinyamuke m'bandakucha, eya. Ngakhale nthabwala yake yozizira umaseka mpaka misozi.

Chiwaya_Special
Ndiye kuseka kwavuta pati? Ine ndingaseke masiku atatu osapuma pa K450,000.

Msungichuma
Bambo Wakudedza, vuto lanu silili pa mnzanu wofuna kukulipiriraniyo ayi. Lili pa dongosolo. Inu mumayamba mwasankha malo, kenako n'kumafunsa ndalama. Ife timachita mosemphana. Ndife amayi amene tinaphunzira limodzi za unamwino, ndipo tsopano ena ali ku Mzuzu, ena ku Zomba, ena m'zipatala za kumudzi. Mu Januwale timagwirizana ndalama ya pamwezi, ndipo timaiyeza ndi thumba la amene amalandira zochepa kwambiri. Aliyense amatumiza pa Mpamba kapena pa Airtel Money malipiro akangolowa. Thumbalo lili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi ya zovuta: maliro, matenda, chipepeso. Imeneyo sitiikhudza ngakhale titafuna bwanji kusangalala. Yachiwiri ndi ya tsiku lathu, lomwe ndi 15 Okutobala, Tsiku la Amayi, poti boma linatipatsa kale holide. Mu Ogasiti ndimawauza anzanga kuti m'thumba muli zakuti, tsono tisankhe kopita kolingana ndi zimenezo. Chaka china zinatifikitsa ku Mangochi, chaka china zinangokwanira kukwera phiri la Zomba, kukakhala pafupi ndi damu la Mulunguzi ndi mpunga wa m'makontena. Amene ali ndi zambiri ndipo akufuna kuonjezera amatumiza kwa ine mwakachetechete, ine n'kungolengeza kuti thumba lakwera. Palibe amadziwa kuti wadyera ndalama ya yani. Mnzanuyo muuzeni kuti K450,000 yakeyo aiponye m'thumba la onse, osati m'thumba la malaya anu.

Kabaza_Rider
Zosunga ndalama pamodzizi ndiye zimene zinapha gulu lathu. Msungichuma wathu anazibwereka "pang'ono" kuti aonjezere feteleza, mpaka lero tikudikira akolole. Papita mvula zingapo.

Msungichuma
@Kabaza_Rider pepani. Ife ndalama imakhala kubanki, osayinira atatu, ndipo mwezi uliwonse ndimajambula sitetimenti n'kuiponya pagulu. Chimene chinatipweteka ife si wakuba, ndi kwacha. Itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene tinkaiona ngati yambiri inangosanduka ya mafuta a galimoto. Kuyambira pamenepo sitisunga ya chisangalalo nthawi yaitali. Tikagwirizana malo timalipiriratu, mbuzi timaguliratu n'kuisiya kwa mayi ake a mmodzi wa ife.

WaJoni_Turffontein
Ndiyankhuleko ine wa kunja, poti mwatitchula. Inu mumaona ngati Disembala ndi mwezi wathu wosangalala. Munthu wakhala m'basi kuchokera ku Johannesburg, Beitbridge mzere, Nyamapanda mzere, kudutsa Tete kukutentha, kulowa pa Mwanza miyendo itatupa. Katundu wa abale uli pamwamba. Ukangofika pamalo okumana, anzako akuti "wafika wa ma rand, tsegulani kireti ina". Ndipo umatsegula, chifukwa ukakana ati wayamba kunyada. Mu Januwale ukubwerera wopanda ngakhale ya lendi. Ena mwa amene mumawayesa mabwanawo ndi anthu oti akungoopa kuoneka olephera. Mwina ngakhale amene wabwera ndi za Cape Maclear akufuna wina anene kuti zachuluka kuti naye apume.

Nambewe_wa_25
Apa mwanena zoona achimwene. Mlongo wanga amachita zomwezo, kenako Febuluwale akundipempha ine ya thiransipoti.

Bwana_Mkubwa_Ayi
Ine ndili mbali imene mukuidya miseche ija, ndiye ndiloleni. Pagulu lathu ndine amene zinthu zinandiyenderako. Ndikamulipirira mnzanga sindikhala ndikugula ulemu. Amene ndimamulipirira ine ndi munthu amene anandifunditsa bulangeti lake tili Fomu 1, langa ataba, ndipo amene anaphunzira ku Dedza akudziwa kuti Juni wa kumeneko ndi wotani. Makolo ake akabwera ndi chigumu ndi mtedza wokazinga ankandigawira, ine kwathu kunalibe wobwera. Lero ndikhale pagombe ndikudya kampango iye ali kunyumba chifukwa cha ndalama? Chimene chimandipweteka n'chakuti anzathu sanena. Umafunsa pagulu kuti malo awa bwanji, onse zii, kapena kachala koloza m'mwamba. Ukabuka malo, sabata yomaliza uyu akuti apongozi adwala, uyo akuti kuntchito kwavuta. Ndalama ya dipoziti yapita. Mukanati poyamba pomwe "ife sitikwanitsa", ndani akanakana kupita ku Senga Bay?

Kabaza_Rider
Bwana, wosauka sanena kuti ndine wosauka pagulu la anthu khumi ndi awiri. Inu amene muli nazo ndi amene muyenera kuyamba kutchula malo otchipa.

Bwana_Mkubwa_Ayi
Ndikatchula otchipa amati ndikuwanyoza. Ndinayesapo.

Sapitwa3002
Koma anthu inu, n'chifukwa chiyani nyanja basi? Pa Isitala ku Cape Maclear kumakhala anthu ochita kupondana, mitengo ya zipinda imakwera, ndipo msewu wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti uja si woyendetsa munthu amene walawako. Bwerani ku Mulanje. Kukwera kuchokera ku Likhubula, kusamba pa Dziwe la Nkhalamba, kugona m'nyumba za paphiri, ndalama yake yochepa. Mu Julayi kumakhalanso mpikisano wa Porters Race, mukhoza kungobwera kudzaonerera.

Chiwaya_Special
Amuna a Fomu 4 ya 1998 akwere Mulanje? Ndi mimba zimenezo? Konzekeranitu machira.

Namondwe_MH
Amene mukupita ku Cape kapena kulikonse kumene madzi ndi odekha, musaiwale za likodzo. Mukasamba, pakapita masabata angapo pitani kuchipatala mukayezetse, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo sachedwa. Amuna ambiri amangobisa mpaka zitafika poipa. Ndipo ngati mukufuna nyanja yeniyeni, kwerani Ilala ku Monkey Bay mpaka ku Likoma, mukaone tchalitchi cha St Peter's. Sitimayi yakhala ikuyenda kuyambira 1951. Kungoti musasankhe Juni kapena Julayi, mwera ukakupezani pakati pa nyanja mudzalapa machimo onse.

Mnoma_Weniweni
Gulu lathu ife kalendala yake ndi ya Super League. Tsiku la Manoma ndi Maule pa Kamuzu Stadium ndiye msonkhano wathu waukulu. Palibe msonkhemsonkhe, aliyense tikiti yake, tikatuluka kanyenya.

Maule_Mpaka_Kale
Ndipo mukatuluka mumakhala mukulira limodzi, n'chifukwa chake gulu lanu ndi lolimba.

Mnoma_Weniweni
Iwe usandiyambe.

MayiAwiri
Abambo a mpira pitani kwanu, pano tikukamba zina. Ine ndiyankhula ngati mkazi wa munthu wa gulu lotere. Bambo akunyumba ali ndi anzawo a kukoleji, ndipo chaka chilichonse pa Isitala amasowa. Lachisanu Loyera ndimayenda Njira ya Mtanda ndekha ndi ana, Lamulungu la Pasaka ndekha, alendo a kumudzi ndilandire ndekha. Akabwera Lolemba ali wakuda bii ndi dzuwa, m'manja muli kamulu ka usipa, ndipo teremu yachitatu ikutsegulidwa, fizi palibe. Sindidana ndi anzawowo. Pamene bambo anga anamwalira ndi iwowa amene anabwera ndi galimoto, anagula bokosi, anagona pasiwa. Koma a Wakudedza, musanafunse ife pano, mwawafunsa mayi akunyumba? Chifukwa K450,000 imeneyo, kaya mulipire nokha kaya akulipirireni, nkhani yake idzafika kukhitchini. Akazi a mabwanawo adzadziwa kuti amuna awo analipirira mphunzitsi, ndipo pa Disembala mkazi wanu ndi amene adzakhale nawo pamkeka umodzi.

Wakudedza98
@MayiAwiri mayi, mwandilasa. Akunyumba ndinawauza. Anangoti "mukudziwa ndinu", ndipo amene ali pabanja akudziwa tanthauzo lake.

Sabata_Kaye
Pali china chimene magulu ambiri saganiza posankha masiku. Ine ndine wa Seventh Day. Zonse za gulu lathu zinkaikidwa Loweruka, ndipo kwa zaka ndinkangoona zithunzi. Palibe anandichotsa, koma ndinapezeka ndatuluka. Anazindikira mochedwa, tsopano timakumana Lamulungu masana, a mipingo ina akaweruka.

Che_WakuNamwera
Chimodzimodzi ife Asilamu. Ramadan imasuntha chaka ndi chaka, imabwera msanga ndi masiku khumi kapena khumi ndi limodzi, ndiye pali zaka zimene imagwera pa Isitala penipeni, ngati mmene zinalili mu 2023 ndi 2024. Anzanga a gulu lathu anachita bwino: chaka chimenecho ulendo anausuntha, ndipo pa Eid onse anabwera kwathu kudzadya mpunga wa nyama. Panopa Eid yalowa pakalendala ya gulu, ngakhale mkulu wa mpingo wa CCAF amafunsa yekha kuti mwezi waoneka liti. Za mbuzi ndimazinga ndine, nkhani inatha.

Sabata_Kaye
CCAP achimwene, musawapatse mpingo watsopano.

Che_WakuNamwera
Chala chaterereka. Iwowo andikhululukira, amadya kwathu.

Zoona_Zimawawa
Ine ndinena zimene ena akuopa. Magulu a anzathu akusukuluwa ambiri anafa kale, chatsala ndi mwambo. Mukakumana nkhani zake ndi zomwezomwezo: nyemba zofumbwa, mgaiwa wosapsa, aphunzitsi a Geography amene ankagona m'kalasi, usiku umene munathawa kukaonera kanema. Chaka chamawa zomwezonso. Za moyo wanu wa lero palibe amafunsa. Ngati ndalama yokha yakwanitsa kukuchititsani zii, ndiye kuti chinali chikondi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Gululo lisiyeni lithe, mupeze anzanu a msinkhu wa thumba lanu.

Gogo_wa_Njanji
Mwana wanga Zoona_Zimawawa, ndikuyankhe ine wachikulire, mdzukulu ndi amene akundilembera. Ife tinayamba kukumana tili anyamata ogwira ntchito ya njanji ku Limbe, nthawi ya Kamuzu. Tsiku lathu linali 6 Julayi. Tikachoka kusitediyamu koonera zisangalalo za ufulu, tinkapita kwa mmodzi wa ife ku Bangwe, akazi athu ataphika thobwa ndi nkhuku. Kenako zinasintha zokha. Panafika zaka za maukwati, pamene chaka chonse chinali zinkhoswe ndi perekaniperekani, wina kukhala nkhoswe ya mnzake. Panafika zaka za ana, kuthandizana fizi ndi kufunirana malo a ntchito. M'zaka za m'ma 1990 tinaika anzathu ambiri, matenda aja atavuta, ndipo ana awo ena anakulira m'nyumba zathu. Lero tatsala ochepa, mano ndi operewera, nyama yootcha sitiitha. Koma 6 Julayi ikafika timakumanabe, timasewera bawo, timamwa tiyi. Nkhani zake n'zomwezo ndithu, za sitima ya ku Nsanje ndi mzungu wina amene ankatukwana m'Chisena. Ukuganiza kuti sitidziwa kuti tinazikamba kale? Timazidziwa mpaka pamene wina adzakhosomole. Koma pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ya mnzathu ku Chilobwe mu Malichi 2023, sitinachite kuitana msonkhano. Aliyense anadziwa kwa mwana wake uti angapemphe malata, kwa uti simenti. Anthu amene sunawaone zaka khumi sungawaimbire usiku. A Wakudedza, malo asinthe, chakudya chisinthe, koma tsikulo musalisiye. Mukalidumpha chaka chimodzi, chachiwiri chimadumphika chosavuta.

Zoona_Zimawawa
Agogo, ulemu wanu. Koma inu nonse munali a njanji, malipiro ofanana. Apa pali mphunzitsi ndi mwini mathiraki.

Gogo_wa_Njanji
Ayi mwanawe. Mmodzi anadzakhala bwana wamkulu wa galimoto ya kampani, wina anathera pa ulonda. Wa galimotoyo tinamuuza kuti kwa mlonda kukakhala nkhuku imodzi, iwenso kwanu nkhuku imodzi. Anakwiya chaka chimodzi, kenako anazolowera.

Nachisale_UK
Lamulo la agogoli ndalikonda. Ife kuno ku Manchester timachita zofanana, kulandirana nyumba ndi nyumba, ndipo chophika chinakhazikitsidwa: nsima, ndiwo ziwiri, basi. Zisanatero anthu ankapikisana mpaka ena kuyamba kukana kulandira alendo poopa kuchepa. Chimene ndikufuna kuonjezera n'chakuti kalendala izikhala ndi zinthu zing'onozing'ono zambiri kusiyana ndi chimodzi chachikulu. Chachikulu chimodzi ukachiphonya, ndiye kuti anzako udzawaona chaka chamawa. A Wakudedza muli kale ndi zitatu, mwayi umenewo.

Mlimi_wa_Kasiya
Ndipo muziganizirako ife a kumudzi. Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya kubzala, kupalira ndi kusaka feteleza, m'thumba mulibe kanthu. Epulo fodya ali m'zigafa, msika ku Kanengo ukungotsegulidwa kumene, ndalama sinalowe. Mukafuna mlimi abwere akumwetulira muitaneni Julayi kapena Ogasiti. Ife gulu lathu timapita limodzi ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, Loweruka lomaliza la Ogasiti. Timachita hayala galimoto imodzi, ufa ndi nkhuku tanyamula zathu, kukaona Gule ndi mafumu akupereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Chaka chonse timakhala tikukamba za ulendo umenewo.

Sapitwa3002
Anzanga a ku Phalombe amachitanso choncho ndi Mulhako wa Alhomwe pa Chonde mu Okutobala. Wochokera ku Lilongwe, wochokera ku Mzuzu, onse amadziwa kuti akapezana kumeneko popanda kuitanana.

Chiwaya_Special
Nonse mwalankhula bwino koma funso la munthu simunayankhe. Alandire kapena asalandire?

Nambewe_wa_25
Asalandire.

Bwana_Mkubwa_Ayi
Alandire, koma auze mnzakeyo kuti kalipentala ndi wopanda ntchito uja nawonso awaganizire. Kulipirira mmodzi n'kusiya awiri ndiye kugawa gulu kwenikweni.

Wakudedza98
Zikomo nonse, ndabwera ndi mmene zathera. Ndinayamba ndaimbira kalipentala uja. Anandiuza kuti apongozi ake amene akhala "akudwala" pa Isitala zaka ziwiri zapitazi ali bwinobwino, amalima okha. Tinaseka, koma sizinali zoseketsa. Kenako ndinaimbira mnzanga wofuna kundilipirira uja, ndinamuthokoza, n'kumuuza za thumba la onse monga ananenera a Msungichuma. Dzulo usiku ndinalemba pagulu lathu mosabisa kuti ine K450,000 sindingaikwanitse, ndipo ndikupempha kuti tibwerere ku Senga Bay, kunyamuka Loweruka m'mawa, kugona usiku umodzi, kuti Lachisanu Loyera tikhale ndi mabanja. Sipanathe mphindi khumi, anthu asanu amene anali zii aja anavomera. Mmodzi wa mabwana analemba kuti bola, iyenso zimamulemera. Koma amene anabwera ndi ganizo la Cape Maclear wakhumudwa. Akuti analipira kale dipoziti, ndipo tikanayenera kunena kale. Iye ndi wina mmodzi akuti apitabe ku Cape ndi mabanja awo. Sanatuluke pagulu, koma sakuyankha. Za thumba la pamwezi tagwirizana kuti tikakambirane pa 6 Julayi, ndipo ena akuti msungichuma ndikhale ine.

Bwana_Mkubwa_Ayi
Za dipozitizo akunena zoona, ndinakuuzani. Musamusiye choncho. Muimbireni inuyo, osati pagulu, ndipo muone ngati lojiyo ingalole kusuntha tsiku kapena kuchepetsa zipinda. Ngati ndalama ina yatayika, gulu limubwezereko ngakhale pang'ono, poti kukhala chete kwanu ndi kumene kunamulowetsa m'mavuto.

Msungichuma
Usungichuma musauvomere nokha bambo. Mphunzitsi pakati pa mwezi ndi ndalama za anthu pafoni, mukudziyesa dala. Pakhale atatu, ndipo mmodzi akhale wokhumudwayo, akabwerera ku Cape.

MayiAwiri
Nanga nyama ya pa 6 Julayi chaka chino ili kwa yani?

Wakudedza98
Kwa wokhumudwayo, mayi. Ndi chifukwa chake ndikumuimbira mawa m'mawa ndisanalowe m'kalasi.

Chiwaya_Special
Mukamaliza mundipatse nambala ya bwana wolipirira anthu uja. Ine Fomu 4 ndinalembanso 1998, kungoti sukulu ina.